Buku Limodzi, Odwala Awiri

Lachiwiri, 4 Malichi

Andigoneka dzulo masana. Wodi ya amayi, bedi nambala 9, pafupi ndi zenera losatseguka. Ndikulemba m'buku langa la miyeso ya makasitomala, kuyambira kumapeto, chifukwa ndilo linali m'chikwama pamene ankandinyamula. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyeza anthu m'chiuno, lero akuyeza ine.

Sikelo: 81 kg. Masiku onse ndimakhala 70. Adokotala akuti zinazo ndi madzi. BP 100/64. Jakisoni wochotsa madzi kawiri pa tsiku. Zakumwa lita imodzi basi, tiyi ndi phala kuwerengera momwemo. Mchere ayi. Mkodzo ndizisunga m'chigubu kuti aziyeza.

Miyendo yatupa moti ukadina ndi chala, dzenje limatsala. Kugona chagada sindingathe, ndimabanika. Ndili ndi mantha.

Lachitatu, 5 Malichi

80.1 kg. BP 98/60. Mkodzo wa dzulo malita 2.3.

Andiunika mtima ndi makina aja amene amayamba akupaka mafuta ozizira pachifuwa. Adokotala ake ndi aatali, amachita kuwerama polowa pakhomo la wodi. Akuti mphamvu ya mtima wanga ili pa 24, pamene wa munthu wabwinobwino umapitirira 50. Wakula koma walobodoka. Ndawafunsa ngati wafanana ndi lasitiki wa siketi yakale. Aseka, akuti ndi zomwezo, kungoti uwu sasolola n'kulowetsa wina.

Kenako apempha buku langa lakale la kuchipatala. Awerenga pachikuto, andiyang'ana, awerenganso.

"Mayi, dzina ili si lanu."

"Ndi la mng'ono wanga. Koma matenda ambiri ali m'menemo ndi anga."

Nkhaniyi ndiilembe kamodzi ithe. Buku langa linatayika posamuka zaka zisanu zapitazo, nthawi imene BP inayamba kundivuta. Kuchipatala cha kudera kwathu umafika m'mawa n'kuonedwa dzuwa litapendeka, n'kuuzidwa kuti mapiritsi atha. Telala akatseka tsiku lathunthu, makasitomala amapita kwa mnzake. Mng'ono wanga amagwira ntchito yolongedza pafakitale ya sopo, chaka chino n'cha 19. Pafakitalepo pali kachipatala ka antchito okhaokha ndi ana awo, mzere waufupi, mankhwala sasowa. Ife timafanana, mayi athu omwe ankatisokoneza tikawafulatira. Ndiye tsiku lake lopuma ankandipatsa khadi ndi buku, ine n'kumanga mpango monga amangira iye, n'kukakhala pabenchi ngati ndine. Akadwala iye, buku lomwelo. Sitinkaona vuto.

Adokotala atsegula patsamba lolembedwa ndi cholembera chofiira. Akuti palembedwa kuti mwini bukuli anatupa milomo ndi lilime atamwa mapiritsi ena a BP, ndipo asadzapatsidwenso.

Ameneyo sanali ine. Zaka zitatu zapitazo mng'ono wanga mutu unkamupweteka, anatenga piritsi langa limodzi poganiza kuti la BP limachizanso mutu. Atafika kuntchito anatupa ali pamakina, anzake n'kumunyamula. Mwezi wotsatira nditapita ine, anandisinthira mapiritsi. Ndikananena chiyani? Ndinangolandira n'kuthokoza.

Adokotala agwira mutu. "Mapiritsi amene anakuletsaniwo ndiwo akanauteteza mtima wanu zaka zitatu zonsezi."



Lachinayi, 6 Malichi

79.0 kg. Mpweya wa okosijeni m'mphuno tsiku lonse. Ndatopa.

Pabedi 8 pali aphunzitsi opuma ntchito, agonekedwa ndi bala la pamwendo. Mapepala awo onse a kuchipatala ali m'fayilo ya pulasitiki, chaka ndi chaka. Ndimachita manyazi kutulutsa kabuku kathu kamafutamafuta.

Pabedi 11 pali mayi wogulitsa tomato, wamng'ono kwa ine. Matenda ake ndi angawa. Timatchulirana makilo m'mawa ngati zotsatira za mpira.

Lachisanu, 7 Malichi

78.2 kg. BP 102/66.

Mng'ono wanga wabwera ataweruka, ali ndi mpunga wopanda mchere ndi nthochi ziwiri. Akununkhira sopo monga mwa masiku onse. Nthochi anamwino aletsa mpaka aone magazi. Mpunga wopanda mchere uli ngati ukutafuna thonje, koma ndadya kuti asadandaule.

Adokotala aatali anamudikirira dala. Amufunsa za tsiku lotupa lija, wayankha maso ali pansi. Iyeyu ndi wachete chibadwire, pakamwa ponse ananditsira ine. Wanena kuti anali iye, ndipo wawaonetsa chipsera cha pachibwano pamene anamenyetsa pamakina pogwa.

Akhulupirira. Akuti mawa andiyambitsa mapiritsi akale aja, theka, anamwino akundiyang'anira. Amulemberanso iyeyo kapepala kake koti asadzawamwe moyo wake wonse.

Potuluka wandinong'oneza kuti, "Achemwali, zimenezi zisakafike kuntchito."

Ndamuuza kuti asade nkhawa. Chaka chatha anachotsa bambo wina woyendetsa ngolo za katundu chifukwa anabwereka khadi kwa mlamu wake. Iye ali ndi ana awiri pasukulu, bambo wawo anapita kokagula ndudu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mpaka lero sanabwere.

Loweruka, 8 Malichi

77.5 kg. Piritsi theka 8 koloko. Anamwino amabwera ola lililonse kudzati, "Tulutsani lilime." Ndawauza kuti anthu ambiri amandipempha kuti ndilibweze. Palibe kutupa.

Lolemba, 10 Malichi

76.8 kg. BP 96/60. Dzulo sindinalembe, chizungulire.

Lero kwabwera namwino wina, osati wa wodi ino. Wamfupi, wovala zobiriwira, fayilo pachifuwa ngati khanda. Ndamutcha Sisita Fayilo. Wakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene sindinaonepo wina aliyense wa yunifomu akuchita muno.

Akuti pali kafukufuku wa mankhwala atsopano a mtima wofooka. Sakulonjeza kuti ndichira. Koma mphamvu 24 ndiye anthu amene akuwafuna. Olowa amayezedwa milungu iwiri iliyonse, ndipo amakhala ndi nambala yoimba akamva kubanika. Walankhula zambiri, ine payipi ili m'mphuno, mutu ukuzungulira. Chimene ndagwira bwino ndi mawu awiri: mankhwala atsopano.

Wanenanso kuti alowa kale anthu 40, koma a kutsidya kwa njanji ngati ine ndi atatu okha. Ena onse ndi a maofesi ndi opuma ntchito. Akuti mankhwala akayesedwa pa anthu a moyo umodzimodzi, sadziwika mmene adzagwirire mwa munthu wokhala pamakina osokera tsiku lonse, wodya kamodzi, womwa mapiritsi modumphitsa. Ndamufunsa chifukwa chake ife sitilowa.

"Mafomu ake sanalembedwe poganiza za inu," wayankha. "Tiyeni tione ngati tingakulowetseni."

Wandisiyira chikalata cha masamba 22, chonse m'Chingerezi cha madokotala. Cha chiyankhulo chathu akuti chili kukomiti, chikudikira chidindo. Ndisasaine kanthu mpaka adzandiwerengere chimenecho. Kulemba anthu kutsekedwa Lachisanu, 21.

Atachoka, aphunzitsi anditsina khutu kuti nawonso ndi odwala mtima, ali m'kafukufukuyu miyezi inayi tsopano. Kale sankatha kukwera masitepe a kutchalitchi, pano amakwera osapumira. Mtima wanga wa 24 uja wadumpha.

Lachiwiri, 11 Malichi

76.4 kg. Magazi mabotolo anayi. Impso zili bwino, akuti ndili m'malire.

Sisita Fayilo wayamba mafunso. Nambala ya nyumba. Ndaseka mpaka kutsokomola. Kuseri kwa msika kuli nambala? Ndamujambulira mapu patsamba la buku lino: njanji, chigayo, mpope wothyoka, mpanda wa malata, khomo lobiriwira lokhala ndi chithunzi cha sizasi. Wang'amba tsambalo bwinobwino, wati akamenyana nawo akuluakulu kuti alilandire m'malo mwa nambala. Foni ndili nayo, kungoti imazima yokha. Wati alembanso ya mng'ono wanga. Masiku obwera kudzayezedwa ndi m'mawa mkati mwa sabata, wati ayesa kundiika Loweruka.

Zonse amazipezera njira mkazi ameneyu. Ndayamba kumukonda.

Mayi a tomato awayeza nawonso. Impso zawo zafooka, sangalowe. Andiuza akuseka kuti, "Inuyo mukalowe, muzidzandinyemerako." Ndawauza kuti kunyemerana mapiritsi ndi kumene kwandigoneka pano.

Lachitatu, 12 Malichi

76.5 kg. Madzi asiya kutsika. Awonjezera jakisoni.

Sisita Fayilo wabwera wopanda kumwetulira. Mapu alandira. Loweruka avomera. Chatsala ndi cholembera chofiira chija. Lamulo la kafukufuku likuti aliyense amene anatupapo milomo kapena lilime ndi mapiritsi amtundu uja asalowe, chifukwa atsopanowa akhoza kumutseka pakhosi.

"Koma sindinali ine. Adokotala akudziwa."

"Inenso ndikudziwa."

"Ndamwa masiku asanu, lilime ndi ili."

"Kutupa kumatha kubwera mochedwa, ndiye masiku asanu sakwana kukhala umboni. Oona mafayilo athu ali kutali, mayi. Sanakuoneni inu, sanaone chipsera cha mng'ono wanu. Aona buku limodzi, dzina limodzi."

Chofunika ndi kalata yochokera kukachipatala ka pafakitale, yokhala ndi chidindo, yonena kuti wotupayo anali wantchito amene anatengedwa pamakina ake, ndipo masamba a BP ndi a munthu wina. Popanda imeneyo, masamba anga si anga, ndipo kutupa kwa mng'ono wanga ndi kwanga.

Ndamufunsa ngati akudziwa chimene kalata imeneyo idzachite. Akudziwa. Wati sangaimbe foni kufakitale popanda chilolezo cha tonse awiri, ndipo sangandiuze kuti ndichite.

Ndakwiya, koma wokwiyira sindikumuona.

Lachinayi, 13 Malichi

76.9 kg. Akwera.

Mng'ono wanga wabwera ndi mbatata yophika ndi dzira. Ndamufotokozera zonse ngati nkhani ya munthu wina. Ndatsiriza ndi kunena kuti sindikumupempha kanthu. Wapinda nsalu yophimbira mbale kanayi, wayifunyulula, wapindanso.

"Palibe njira ina?"

"Akuti palibe. Koma iwe usavutike nazo."

Ndinanena kawiri kuti asavutike nazo. Munthu wosafuna kanthu amanena kamodzi.

Lachisanu, 14 Malichi

77.3 kg. BP 92/58. Adokotala aatali akuti mtima ukulephera kukankha madzi. Aika dilipi ya mankhwala yoyenda pang'onopang'ono. Ndawafunsa mosapsatira kuti ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji. Ati sadziwa, koma anthu ofika pamenepa amabwerera kuchipatala pafupipafupi, ndipo ulendo uliwonse umachotsapo kanthu.

Ndawapempha kuti alembe okha kalatayo. Ati sanalipo tsiku limenelo, sangachitire umboni chimene sanaone.

Pali diresi la ukwati lomwe ndinasiya theka pamakina. Mwini wake waimba katatu.

Loweruka, 15 Malichi

77.0 kg.

Mayi a tomato amwalira m'mawa uno, nthawi ya phala. Anakoka makatani, koma nsapato za anamwino zinkaoneka pansi zikuthamangathamanga, kenako zinaima. Dzulo anali 68.4. Ndinalemba makilo awo m'mphepete mwa tsamba chifukwa anati iwo amaiwala.

Pofika 11 koloko bedi linali litayalidwa kale.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndachita chinthu choipa. Ndichilembe mmene chinachitikira.

Mng'ono wanga anabwera masana ndi malalanje. Anaona bedi 11 lili ndi munthu wina, anafunsa, ndinamuuza. Anayamba kusenda lalanje osanena kanthu. Chete wake uja, amene ndamuzolowera zaka 47, lero anandipsetsa mtima.

Ndinati, "Ukusenda bwino. Udzasendanso pamaliro anga."

"Achemwali, musatero."

"Nditere bwanji? Piritsi langa unatenga ndiwe. Sindinakupatse. Zaka zitatu ndamwa mankhwala olakwika chifukwa cha mutu wako. Ndinakhala chete kuti ntchito yako isathe. Lero nkhani ndi kapepala kamodzi."

Anasiya kusenda.

"Mayi atamwalira unali ndi zaka 12. Anakusokera yunifomu ndani? Sopo ameneyo adzakulira ukadzafa?"

Wodi yonse inamva. Aphunzitsi anatembenukira kukhoma. Mng'ono wanga anaika lalanje patebulo, theka losenda, anapukuta manja, n'kunena kuti, "Ndamva." Anatenga mbale zake n'kutuluka nthawi yoona odwala isanathe.

Sindinanene kuti khadi ndinalipempha ndine. Iye ankakana poyamba, ndinamukakamiza ndi mawu ngati omwewa.

Lolemba, 17 Malichi

76.2 kg. Dilipi ikugwira. Sanabwere. Foni ya mng'ono wangayo ikungoitana.

Lachiwiri, 18 Malichi

75.4 kg. BP 98/62. Achotsa okosijeni masana. Ndayenda mpaka kubafa ndekha.

Sanabwere. Ndamutumizira uthenga kuti asachite kanthu, ndinalankhula ndi mantha. Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso, ndatumiza 4 koloko. Ndikanatumiza dzulo m'mawa. Ndikudziwa chifukwa chimene ndinachedwera, ndipo chikundinyansa.

Aphunzitsi andipatsa theka la buledi wawo. Sanatchule za Lamulungu.

Lachitatu, 19 Malichi

74.8 kg.

Mng'ono wanga wabwera 10 koloko m'mawa, nthawi imene amakhala pamakina. Wavala zakunyumba. Anamwino amulola kulowa chifukwa ananena kuti wabweretsa pepala la adokotala.

Envulopu yakhaki. Mkati tsamba limodzi, chidindo chabuluu. Anapita yekha Lolemba kwa mkulu wa kachipatala ka pafakitale, anafotokoza zonse. Mkuluyo anatulutsa kaundula wa chaka chimenecho, anapeza kuti wotupayo anabwera naye ndi kapitawo kuchokera kumalo olongedzera, atavala yunifomu. Anakhala naye pansi, tsamba ndi tsamba, ili lake, ili langa. Masamba anga 31, ake 6. Analemba kalata. Kenako anati ayenera kudziwitsa ofesi ya antchito, apo ayi ntchito itha ndi yake.

Amuimitsa. Mlandu wake mawa.

"Uthenga wanga sunauone?"

"Ndinauona. Unapeza ndapita kale."

Ndinafuna kupepesa, iye wandidula. "Zatha, achemwali. Bola mulandire mankhwala atsopanowo. Mukachira tizidzasoka limodzi, ine ndizisita."

Sisita Fayilo walandira kalatayo ndi manja awiri. Wamuyang'ana mng'ono wanga nthawi yaitali, wafunsa ngati wina anamukakamiza. Iye wati ayi. Ine ndimayang'ana dilipi.

Madzulo yankho labwera: alandira. Chikalata cha chiyankhulo chathu nachonso chadindidwa. Andiwerengera mawa, kusaina Lachisanu.

Ndadya mpunga wonse. Ndili ndi chimwemwe, ndipo ndikuchita nacho manyazi.

Lachinayi, 20 Malichi

74.3 kg. BP 100/64.

Sisita Fayilo wanditengera kukachipinda ka kumapeto kwa khonde, kokhala ndi tebulo, mipando iwiri ndi sikelo. Wawerenga pang'onopang'ono, tsamba lililonse kundifunsa kuti ndibwereze m'mawu anga. Za magazi, za chizungulire, za kutupa, za nambala yoimba. Ndimayankha bwino ngati mwana wa patsogolo m'kalasi.

Tsamba 7. Ndalikopera pano: "Theka la anthu olowa lidzalandira mankhwala atsopano. Theka lina lidzalandira mankhwala amene akugwiritsidwa ntchito kale. Adzasankha ndi kompyuta, mwamwayi. Inu, namwino ndi dokotala simudzadziwa gulu lanu mpaka kafukufuku atatha."

Ndati awerengenso. Wawerenganso.

"Amene akugwiritsidwa ntchito kale ndi ati?"

"Amtundu umene mukumwa panowu."

"Amene adokotala anandipatsa popanda kalata?"

"Omwewo."

"Ndiye ndikhoza kusaina, n'kumameza zomwe ndikumeza kale?"

"Mukhoza. Mwayi ndi theka."

"Kafukufukuyo atha liti?"

"Zaka ziwiri."

 Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Wati anandiuza tsiku loyamba, koma anaona kuti ndinali wotopa, ndipo anaganiza kuti adzabwereza powerenga chikalata. Mwina ananenadi. Ndikukumbukira pakamwa pake pakuyenda. Wati cholakwa ndi chake, anayenera kutsimikiza kuti ndamva asanatchule n'komwe za kalata. Chikalata cha chiyankhulo chathu anachipempha miyezi isanu yapitayo. Cha Chingerezi chija chakhala pansi pa pilo wanga masiku khumi, tsamba 7 lili momwemo.

Ndamupempha kuti anong'oneze kompyutayo. Ndamuuza kuti mng'ono wanga ali pamlandu ola lomwe lino. Wati sangathe, ndipo akanatha sakanachita, chifukwa akayamba kusankha okha palibe adzadziwe ngati mankhwalawo amagwiradi ntchito, ngakhale kwa anthu a kutsidya kwa njanji. Ndamva zimene akunena. Kumva sikunandithandize.

Kenako wanena mawu amene alinso m'chikalatamo: "Mukhoza kukana. Palibe angakukakamizeni, ndipo chithandizo chanu sichisintha."

Ndaseka kuseka koipa. Ndikane bwanji?

Nditabwerera ndawafunsa aphunzitsi ngati ankadziwa. Akuti eya, tsamba 7. Ankayesa kuti inenso ndikudziwa. Masitepe aja sakudziwa ngati akukwera ndi atsopano kapena akale.

Mng'ono wanga wafika 5 koloko ndi jumbo. Mkati kapu yake ya tiyi, nsapato zakuntchito ndi thaulo. Yunifomu anamuuza kuti aisiye. Mlandu unatenga mphindi 15. Kapitawo anamulankhulira, sizinathandize. Ana sanawauze.

Wandifunsa kuti kuwerenga kwayenda bwanji. Ndati bwino.

Lachisanu, 21 Malichi

74.0 kg. BP 102/64. Mphamvu ya mtima sanayezenso.

M'mawa ndinakonza mawu oti ndimuuze mng'ono wanga. Ndinawayeserera kubafa. Iwe, pali chinthu chimene sindinamve bwino. Iwe, mwayi wake ndi theka. Onse ankamveka ngati ndikumuuza kuti wataya zaka 19 pa maere.

Wafika 9 koloko, wandipesa tsitsi kuti ndikasaine ndikuoneka munthu. Sisita Fayilo wandifunsa kukachipinda kuja, tili awiri, ngati ndaganiza bwino ndiponso ngati ndikulowa mwa kufuna kwanga. Ndati eya. Ndasaina masamba atatu. Wandifunsa ngati ndamuuza mng'ono wanga. Ndati imeneyo ndi nkhani ya kwathu. Wati ndi zoona, iye sanena kanthu, koma akafunsidwa sanama.

Ndine nambala 44. Mapiritsi akale aja asiya kundipatsa kuyambira dzulo madzulo, kuti asaphatikizane ndi a m'botolo.

Botolo labwera 10:30. Loyera, lopanda dzina la mankhwala, nambala yokha ndi tsiku. Sisita Fayilo waima kumiyendo kwa bedi ndi wotchi. Mng'ono wanga wapempha kuti aligwireko. Wapukuta manja pasiketi, walitenga, walitembenuza, waliyang'anitsitsa pakuwala kwa zenera.

"Achemwali, ndiye atsopano aja ndi amenewa?"

Wafunsa ine, osati Sisita. Sisita wakweza maso, wandiyang'ana, wadikira.

"Ndi amenewa," ndatero.

Wathira madzi m'kapu mpaka pamzere umene anamwino anajambula, wandigwirira kuti ndisataye. "Mezani bwino, lisagwe."

Ndameza 10:40. Iye amamwetulira.